Chipolopolo cha .30-30 ndi Mfuti Yomwe Chinabadwira

Amene anaonapo mlenje wakale akukonzekera kuwomba ndi mfuti ya gogodela akudziwa kuti inali ntchito yofuna mtima wodekha. Ankaimika mfuti pansi, n'kuthira wonga kukamwa kwa mpope, n'kutsenderapo kansanza, kenaka mtovu kapena tizidutswa ta chitsulo, n'kusinja zonsezo ndi kandodo. Akawomba kamodzi n'kuphonya, basi nyama yapita. Ikakhala njati yovulala, ndiye kuti moyo wa mlenje uli m'miyendo yake. Vuto limeneli silinali la kwathu kokha. Kwa zaka mazana angapo, osula mfuti ku Ulaya ndi ku America ankagona akuganiza funso limodzi: munthu angawombe bwanji kawiri, katatu, kakhumi, asanaime kuti athirenso wonga?

Limodzi mwa mayankho oyamba kugwira bwino linachokera ku New Haven, m'chigawo cha Connecticut ku United States, ndipo munthu amene dzina lake linamatirira pa mfutiyo sanali wosula zitsulo. Oliver Winchester anali ndi fakitale yosoka malaya. Anaika ndalama zake m'kampani ya Volcanic Repeating Arms, yomwe inakhazikitsidwa mu 1855 kuti izipanga mfuti yowomba kangapo imene Horace Smith ndi Daniel Wesson anakonza. Mfutiyo inali ndi nzeru zake, koma chipolopolo chake chinali chofooka. Wonga ankauika m'kabowo kakumbuyo kwa mtovu weniweniwo, choncho unkalowa wochepa kwambiri. Kampaniyo inagwa, Winchester n'kuitenga mu 1857, ndipo ntchito yokonza zolakwikazo anaipereka kwa kapitawo wa fakitale, Benjamin Tyler Henry. Henry anayambira pa chipolopolo. Anapanga chigoba cha mkuwa chosunga wonga wokwanira, mtovu uli kutsogolo, mankhwala oyatsira moto ali m'mphepete mwa thako lake. Kenaka anakonza mfuti yoti igwirizane ndi chipolopolocho. Mu 1860 mfuti ya Henry inatuluka, yonyamula zipolopolo 15 nthawi imodzi.

Dongosolo limeneli, loti chipolopolo chitsogole ndipo mfuti itsatire, tilionanso kangapo m'mbiri ino.

Mfuti zamtunduwu zimadziwika ndi chitsulo chopindika chimene chili kunsi kwake, kuseri kwa kachitsulo kowombera. Eni ake amachitcha lever. Zala zitatu zimalowa m'chitsulocho, chala cholozera n'kutsala panja kuti chiwombe. Pansi pa mpope waukulu pali kampope kachiwiri momwe zipolopolo zimandandalikana chimodzi kumbuyo kwa chinzake, sipuling'i ikuzikankhira kumbuyo. Munthu akawomba, amakankhira lever pansi ndi kutsogolo, ndipo m'kanthawi kochepako muchitika zinthu zinayi. Chitsulo chotseka kumbuyo kwa mpope chimabwerera m'mbuyo chitakoka chigoba chopanda kanthu. Chigobacho chimaponyedwa kunja. Kanyundo komenya chipolopolo kamakankhidwira m'mbuyo n'kukhala tcheru. Ndipo kachitsulo konyamulira kamatola chipolopolo chatsopano kuchokera m'kampope kapansi n'kuchikweza. Akabweza lever m'malo mwake, chotsekera chija chimalowetsa chipolopolo mumpope n'kudzitseka. Munthu wozolowera amachita zonsezi mfuti ili paphewa, diso lisanachoke pa nyama. Palibe batire, palibe mpweya wothandizira, ndi dzanja lokha. Ndimaona kuti pa makina onse a m'zaka za m'ma 1800, ochepa ndi amene anagwirizana ndi dzanja la munthu bwino chonchi.

Pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, kuyambira 1861 mpaka 1865, boma silinagule mfuti za Henry zambiri, koma asilikali ena ankazigula ndi ndalama za m'thumba mwawo poona kuti anzawo ambiri akadali kuthira wonga kukamwa kwa mpope. Nkhondo itatha, kampani inatenga dzina la Winchester ndipo mu 1866 inatulutsa mfuti yokonzedwanso. Nelson King anawonjezera kachitseko m'mbali, kolowetsera zipolopolo mosavuta. Mu 1873 kunabwera mfuti yotchuka kwambiri ya nthawi imeneyo, Model 1873, ndi chipolopolo cha .44-40. Manambala awiriwa anali ndi tanthauzo lomveka kwa wogula aliyense: yoyamba inkanena kukula kwa mtovu poyeza mu inchi, yachiwiri kuchuluka kwa wonga poyeza mu grain, muyeso waung'ono woti 40 yake ndi magalamu awiri ndi theka basi. Mfuti za mtundu umenewu zinapangidwa zoposa 700,000.

Otsatsa malonda pambuyo pake anaitamanda kuti ndi mfuti imene inagonjetsa madera akumadzulo kwa America, ndipo makanema a anyamata oweta ng'ombe anakometsa nkhaniyo. Mawu okomawo amabisa zowawa. Madera amenewo anali ndi eni ake, Alakota, Acheyenne, Aapache ndi mitundu ina yambiri, omwe analandidwa malo ndi kuphedwa. Komanso mfutiyi inali m'manja mwa mbali zonse ziwiri. Pa nkhondo ya ku Little Bighorn mu 1876, ankhondo ena a Alakota ndi Acheyenne anali ndi mfuti za Henry ndi Winchester, pamene asilikali a George Custer anali ndi mfuti za Springfield zolowa chipolopolo chimodzichimodzi. Custer ndi gulu limene ankalitsogolera yekha anathera pomwepo. Njati za ku America, zomwe zinalipo mamiliyoni ambiri n'kutsala pang'ono kutheratu m'ma 1880, zinaphedwa makamaka ndi mfuti zazikulu zolemera za chipolopolo chimodzi monga Sharps, chifukwa .44-40 inalibe mphamvu yogwetsa nyama yotere patali.

Kufooka kumeneku kunali ndi magwero awiri. Oyamba anali mkati mwa mfuti. Chotsekera cha Henry ndi cha Model 1873 chinkagwiridwa ndi tizitsulo tiwiri tolumikizana topindika pakati, ndipo sitikanapirira chipolopolo champhamvu kwambiri. Achiwiri anali wonga wakuda weniweniwo, wosakaniza makala, sulufule ndi mchere wa saltpetre. Ukapsa, gawo lalikulu silisanduka mpweya wokankha mtovu, limakhala utsi ndi mwaye. Utsi woyera unkaphimba maso a wowomba, mwaye unkamatirira mumpope n'kukoka chinyezi, dzimbiri n'kuyamba. Wofuna mphamvu yochuluka ankangowonjezera wonga ndi kukulitsa mtovu, mfuti n'kumalemera.

Mu 1884 katswiri wa ku France, Paul Vieille, anapanga wonga wopanda utsi wochokera ku thonje loviikidwa mu asidi. Unkapsa pafupifupi wonse, ndipo wochepa chabe unkakankha mwamphamvu kuposa wakuda wambiri. Pofika 1886 asilikali a France anali ndi mfuti ya Lebel yogwiritsa ntchito wonga watsopanowu, maiko ena n'kuyamba kuthamangira komweko. Mtovu unachepa kukula, unavekedwa chikopa cha chitsulo chofewa kuti usasungunukire mumpope, ndipo liwiro lake linakwera kwambiri. Funso linatsala lakuti ndani adzabweretse zimenezi kwa mlenje wamba.

Apa ndi pamene pakulowera John Moses Browning, wobadwa mu 1855 ku Ogden m'dera la Utah, mwana wa wosula mfuti. Mu 1883 mkulu wa kampani ya Winchester, T. G. Bennett, anayenda ulendo wautali wa pasitima kukafika ku Ogden atangoona mfuti imodzi yopangidwa m'kashopu ka Browning ndi abale ake. Anagula pulani ya mfutiyo, ndipo kwa zaka pafupifupi 20 zotsatira Winchester inkagula zimene mnyamatayu ankatulukira. Browning anataya tizitsulo topindika tija. M'malo mwake anaika chitsulo cholimba chimene chimakwera kuchokera pansi n'kutsekereza chotsekera, monga mmene mpiringidzo umagwirira chitseko usiku. Anachita zimenezi koyamba pa Model 1886, mfuti yaikulu, kenaka pa Model 1892, yaing'ono. Pa Model 1894 anawonjezera nzeru ina yokoma: lever ikatsika, pansi pa thupi la mfuti pamatsika nayo limodzi, motero chipolopolo chachitali chimapeza malo otembenukira m'thupi lalifupi ndi lopyapyala. N'chifukwa chake mfutiyi imagwirika ndi dzanja limodzi pakati pake popanda chotupa chilichonse chosokoneza chikhatho.

Chodabwitsa n'chakuti Model 1894 itatuluka koyamba inkawomba zipolopolo za wonga wakuda, .32-40 ndi .38-55. Chotsekera chinali chokonzeka, koma mpope unali usanakonzeke. Wonga watsopano ndi mtovu wovala chikopa zinkadya chitsulo wamba msanga. Kampani inadikira kufikira itapeza chitsulo chosakaniza ndi nickel, ndipo mu 1895 inatulutsa chipolopolo chatsopano chotchedwa .30 WCF, kutanthauza Winchester Center Fire. Mutu wake, mtovu wovala chikopa uja, unali wa mamilimita pafupifupi 7.8 m'mimba mwake, wolemera magalamu 10 ndi pang'ono, ndipo unkatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 600 pa sekondi. Chipolopolo cha .44-40 chinkayenda mamita osafika 400 pa sekondi. Kwa mlenje wa nthawi imeneyo kusiyanaku kunali kwakukulu: sankafunikiranso kuloza m'mwamba kwambiri nyama ikakhala pataliko, utsi sunkamutseka maso, ndipo mfuti inali yopepuka. Chinali chimodzi mwa zipolopolo zoyamba za wonga wopanda utsi kupangidwira alenje ku America.

Dzina limene dziko lonse likuchidziwa nalo silinachokere kwa Winchester. Kampani yopikisana nayo ya Marlin inayamba kupanga mfuti yake ya Model 1893 yowomba chipolopolo chomwechi, koma sinafune kudinda dzina la mnzake pa mpope wake. Inabwerera ku kalembedwe kakale ka manambala awiri: .30 kukula kwa mutu, 30 kuchuluka kwa wonga. Anthu anakonda dzina la .30-30 chifukwa ndi lofulumira pakamwa, ndipo patapita zaka Winchester nayo inayamba kulilemba pa mfuti zake.

Kampope kapansi kaja kali ndi mtengo wake. Popeza zipolopolo zimagona motsatizana, mphuno ya chilichonse imagunda pakati pa thako la chakutsogolo, pomwe pali kabatani koyatsira moto. Mphuno ikakhala yosongoka, kugwedezeka kwa mfuti powomba kungathe kuphulitsa chipolopolo chili m'kampope, n'kuyatsa zinzake. Choncho mitu ya .30-30 inkapangidwa yobulungira kapena yaphwatalala. Mutu wotere umalimbana ndi mpweya ndipo umataya liwiro msanga. Zipolopolo za masiku ano, za mitu yolemera magalamu 9.7 kapena 11, zimatuluka pa mamita pafupifupi 730 kapena 670 pa sekondi. Mfuti ikatchereredwa kuti izilasa ndendende pa mamita 90, pofika mamita 180 mutu umakhala utatsika masentimita pafupifupi 20, ndipo kupitirira apo umagwa mofulumira. Browning ankalidziwa vutoli, ndipo pa Model 1895 anaika zipolopolo m'kabokosi kapansi, chimodzi pamwamba pa chinzake, kuti mitu yosongoka itheke. Kampani ya Savage nayo inapanga Model 99 yosunga zipolopolo mozungulira. Zonsezi zinali mfuti zabwino, koma palibe imene inagulidwa monga Model 1894, yomwe imatchedwanso Model 94.

Tikangoyang'ana manambala, .30-30 inayenera kuiwalika kalekale. Mu 1906 asilikali a America analandira .30-06, yamphamvu kwambiri. Mu 1925 kunabwera .270 Winchester, mu 1952 .308 Winchester, ndipo zonsezi zimafika patali kuposa .30-30. Koma manambala sanena kumene nyama imakhala. Nyama imene Amereka ambiri amasaka ndi mbawala ya mchira woyera, yaikulu kuposa mbawala yathu, imene imakonda nkhalango zowirira za kum'mawa ndi kumpoto kwa dzikolo, m'zigawo monga Pennsylvania, Maine, Michigan ndi Wisconsin. M'nkhalango zotere munthu saona patali. Mbawala imatulukira pakati pa mitengo, pa mamita 40 kapena 70, imaima kanthawi, n'kuzimiririka. Chofunika pamenepo ndi mfuti yofika paphewa msanga, yosakodwa m'nthambi, yoti munthu wayenda nayo tsiku lonse m'chipale osatopa. Model 94 yaifupi imalemera makilogalamu atatu okha, mpope wake ndi wa masentimita 51, ndipo kampope kake kamanyamula zipolopolo zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri. Pa mtunda umenewo mutu wobulungira uja umakhala bwenzi, chifukwa umafutukuka bwino ukalowa m'nyama n'kuigwetsa mosaizunza.

Palinso nkhani ya phewa. Mfuti iliyonse imakankha wowomba, ndipo ya .30-30 imakankha pafupifupi theka la mmene .30-06 imachitira. Munthu woopa mfuti yake amatsinzina ndi kugwedezeka asanawombe, ndipo amalasa mwendo kapena mimba, nyama n'kukafera kutali m'zowawa. Munthu wosaiopa amalasa pamene waloza. Apa ndi pamene ndimaima nacho chipolopolochi. Mlenje wabwino amayezedwa ndi kufupika kwa ululu wa nyama imene wasankha kupha, ndipo mfuti imene imamukakamiza kuyandikira, kuwerenga mphepo ndi kudikira, imamuphunzitsa ulenje weniweni. N'chifukwa chake m'mabanja ambiri akumidzi ku America ndi ku Canada, .30-30 ndiyo inali mfuti yoyamba imene bambo ankapatsa mwana wake, ndipo nthawi zambiri inali yomweyo imene agogo ankasakira. Inali yotsika mtengo, ndipo zipolopolo zake zinkapezeka m'kasitolo kalikonse.

Koma pamene chipolopolochi chinkabadwa, mbawala zake zinali zitatsala pang'ono kutha. Kudula nkhalango ndi kusaka kogulitsa nyama m'mizinda kunazichepetsa kotero kuti akatswiri amayerekeza kuti cha m'ma 1900 zinatsala pafupifupi 500,000 m'dziko lonse la United States. Mfuti yabwino ikanangomaliza zotsalazo pakanapanda malamulo. Mu 1900 lamulo la Lacey linaletsa kudutsitsa nyama yophedwa mophwanya malamulo kuchoka m'chigawo china kupita china, ndipo msika wa nyama zakutchire unayamba kufa. Zigawo zinaika nyengo zosakira, ziphaso ndi chiwerengero cha nyama zimene munthu mmodzi angaphe. Mu 1937 kunabwera lamulo la Pittman-Robertson, lomwe linalamula kuti msonkho wa pa mfuti zosakira ndi zipolopolo uzipita ku ntchito yosamalira nyama ndi malo ake. Msonkhowo lero ndi 11 peresenti. Kuyambira pamenepo, bokosi lililonse la .30-30 logulidwa m'sitolo linkaponya kangachepe m'thumba logulira nkhalango, lolipira oyang'anira nyama ndi losamutsira mbawala kumadera kumene zinatha. Lero mbawalazo zikuyerekezedwa kukhala pafupifupi 30 miliyoni, moti m'madera ena zachuluka mpaka kuwononga mbewu ndi kuchititsa ngozi pamsewu. Mbali imeneyi ya mbiri imaiwalika kawirikawiri pamene anthu akukamba za zitsulo ndi liwiro, koma popanda iyo mfutiyi ikanakhala yopachika pakhoma.

Kunja kwa nkhalango za mbawala, .30-30 inayendanso maulendo ena. Pa nkhondo youkira boma ku Mexico, imene inayamba mu 1910, alimi ndi oweta ng'ombe otsatira Pancho Villa ndi Emiliano Zapata ankainyamula kwambiri, ndipo mpaka lero kumeneko kumaimbidwa nyimbo yotchedwa Carabina 30-30. Ku Canada inakhala mfuti ya otchera misampha ndi ya mitundu ya eni dziko kumpoto kozizira, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse gulu la Pacific Coast Militia Rangers, lolondera gombe lakumadzulo, linapatsidwa mfuti zimenezi. Kuno ku Africa sizinazike mizu. M'maiko olamulidwa ndi Britain mfuti yodziwika inali .303, yomwe asilikali a King's African Rifles ankanyamula, ndipo nyama zathu zazikulu monga njati ndi njovu zimafuna chipolopolo cholemera kuposa .30-30. Theodore Roosevelt, atachoka pa upulezidenti n'kubwera kudzasaka kum'mawa kwa Africa mu 1909, anatenga mfuti ya lever, koma inali Model 1895 ya chipolopolo chachikulu cha .405.

Model 94 ya nambala 1,000,000 inaperekedwa kwa Pulezidenti Calvin Coolidge mu 1927, ndipo ya nambala 2,000,000 kwa Dwight Eisenhower mu 1953. Zonse pamodzi zapangidwa zoposa 7 miliyoni, chiwerengero chimene mfuti zosakira zochepa kwambiri zafikapo. Ulendo wake sunali wosalala. Mu 1964 kampani, pofuna kuchepetsa ndalama zopangira, inasintha zitsulo zina zosemedwa bwino n'kuika zotsika mtengo. Mfuti inkawombabe, koma ogula anaona kusiyana ndipo anakhumudwa. Mpaka lero pamsika wa mfuti zakale, yopangidwa 1964 isanafike imagulidwa mokwera. Vuto lina linabwera ndi magalasi oonera patali. Model 94 inkaponyera chigoba m'mwamba, pamalo enieni pomwe galasi limayenera kukhala. Marlin 336, yomwe inatuluka mu 1948, inkaponyera m'mbali ndipo pamwamba pake panali potseka, choncho alenje okalamba maso anayamba kuthamangira kumeneko. Winchester inakonza zimenezi mu 1982 popendeketsa njira yotulukira chigoba.

Mu 2006 fakitale ya ku New Haven inatsekedwa, patatha zaka 140 dzina la Winchester likusulidwa pa mfuti. Ambiri anaganiza kuti mbiri yathera pamenepo. Koma cha nthawi yomweyo kampani ya Hornady inathetsa vuto limene linakhalapo kuyambira 1895: inapanga mutu wosongoka wokhala ndi nsonga ya pulasitiki yofewa, imene imapindika ikagunda thako la chipolopolo chinzake m'kampope, n'kuwongokanso ikalowa mumpope waukulu. Mfuti ya agogo inapeza mamita ena owonjezera popanda kuisintha kalikonse. Model 94 inabwereranso pamsika mu 2010, tsopano ikupangidwa ndi kampani ya Miroku ku Japan. Marlin, itadutsa m'mavuto a eni ake, inagulidwa ndi Ruger mu 2020, ndipo 336 inayambanso kutuluka m'fakitale mu 2023. Chigoba cha .30-30 sichinasinthe kukula kuyambira tsiku loyamba, kotero kuti chopangidwa chaka chino chimalowa bwinobwino m'mfuti yosulidwa mu 1895.